Nthaka Ikayamba Kugwedezeka: Zochita Chivomerezi Chikakupezani

Kuno kwathu njala timaidziwa, madzi osefukira timawadziwa, ndipo chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023 anthu ambiri amatchera khutu wailesi ikanena za mphepo yamkuntho. Koma chivomerezi ndi ochepa amachiwerengera. Chilibe nyengo, sichilengezedwa pa wailesi, ndipo mwana atha kubadwa mpaka kukwatira osachionako chachikulu. Chonsecho dziko la Malawi lili m'chigwa cha East African Rift, momwe nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono. Nyanja ya Malawi ndi chigwa cha Shire zili m'kati mwa mng'alu womwewo.

Zinatichitikirapo kale. Pa 10 Malichi 1989 chivomerezi cha mphamvu yopitirira 6 pa sikelo yoyezera zivomerezi chinagwedeza dera la Salima, chinapha anthu 9 ndi kusiya anthu pafupifupi 50,000 opanda pogona. Ku Karonga nthaka inayamba kugwedezeka pa 6 Disembala 2009, inabwerezanso pa 8, ndipo chachikulu kwambiri, cha mphamvu ya 6.0, chinabwera usiku wa pa 19 kuchera pa 20. Anthu anayi anamwalira m'masiku amenewo, ambiri anavulala, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. Taonani zinthu ziwiri. Cha ku Salima ndi chachikulu cha ku Karonga zonse zinabwera pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Ndipo ku Karonga choopsa kwambiri sichinali choyamba, chinadikira masabata awiri. Malangizo onse ali pansipa atsamira pamenepa, komanso pa mfundo yoti nthawi zambiri chimene chimapha munthu si nthaka yogwedezekayo ayi, ndi khoma.

Gawo loyamba: yenderani nyumba yanu lero

Musadikire. Lowani chipinda chilichonse ndi kudzifunsa kuti: nyumbayi itagwedezeka, n'chiyani chingagwere munthu?

Yambani ndi pogona, popeza mpamene timakhala maola ambiri osadziwa kanthu. Ngati bedi kapena mphasa ya ana yatsamira khoma la gebulo, lija limakwera mosongoka kukafika pamwamba pa denga, isuntheni. Gebulo ndi njerwa zosanjikizana popanda chozigwira kumtunda, ndipo ndi limene limayamba kugwa. Chotsani matumba a chimanga, masutikesi ndi mabokosi amene mwaika pamwamba pa wadiropu kapena pa mitanda, pamwamba pa mutu wa wogona. Wadiropu yaitali ndi kabati ya magalasi ya pabalaza muzikhomerere kukhoma ndi zitsulo zopinda, kapena muzimange ndi waya wolimba. Zolemera ziikeni m'mashelefu a pansi.

Kenako chitseko. Nyumba zambiri m'tauni tinazitchinga ndi zitsulo pa mawindo onse poopa akuba, ndipo chitseko chili ndi loko ziwiri kapena zitatu. Ndikumvetsa chifukwa chake, koma funsani: kodi mwana wa zaka 10 angatsekule chitseko chimenecho mumdima? Makiyi akhale ndi malo amodzi odziwika kwa aliyense, pa msomali pafupi ndi chitseko, osati m'thumba la thalauzi la bambo. Njinga, ndowa ndi mbaula zisamagone m'njira yotulukira.

Pafupi ndi pogona pakhale tochi ndi nsapato. Zimamveka zazing'ono, koma magalasi ndi misomali ya malata zimacheka mapazi a anthu ambiri amene nyumba sinawagwere n'komwe.

Tulukaninso panja. Sankhani malo amodzi pomwe banja lonse lidzakumane: pabwalo poyera, kutali ndi khoma la nyumba, mpanda wa njerwa, mapolo a magetsi ndi thanki la madzi la pa nsanja. Muyezo wosavuta ndi uwu: talikirani khoma kuposa msinkhu wa khomalo. Ana awonetseni malowo ndi chala, muyeserere nawo kamodzi kapena kawiri madzulo.

Gawo lachiwiri: longedzani chikwama chimodzi

Sichifuna ndalama zambiri. Ikanimo zitupa za unzika, mabuku a kuchipatala, mapepala a malo ndi masatifiketi, zonse mu pulasitiki yosalowa madzi. Onjezani mankhwala a masiku angapo kwa amene amamwa tsiku lililonse, monga ma ARV, a shuga, a BP ndi a khunyu. Muikemonso sopo, mankhwala othira m'madzi akumwa, mapaketi a Thanzi ORS, chitenje choyera chomangira bala, neti, machesi ndi kandalama pang'ono, chifukwa netiweki ikagwa ndalama za pafoni sizituluka. Chigubu cha madzi akumwa chikhale chodzaza nthawi zonse.

Gawo lachitatu: pamene chikugwedeza

Kawirikawiri chimayamba ndi mkokomo ngati lole yolemera ikudutsa kuseri kwa nyumba. Malata amalira, mbale zimagundana, agalu amauwa mudzi wonse. Kugwedezeka kwenikweni sikukhalitsa, nthawi zambiri sikukwana mphindi imodzi, ndiye nthawi yoganiza palibe. Chimene munakonzeratu m'mutu ndi chimene thupi lidzachite.

Lamulo limene amaphunzitsa m'maiko ambiri ndi ili: gwadani pansi, bisalani, gwiritsitsani. Gwadani musanagwetsedwe. Kwawirani pansi pa tebulo lolimba, desiki kapena bedi lalitali miyendo. Dzanja limodzi liphimbe mutu ndi khosi, linalo ligwire mwendo wa tebulo kuti likamasuntha muzisuntha nalo. Ngati palibe tebulo, khalani chogwada pafupi ndi khoma la m'kati, kutali ndi mawindo, mutu uli m'manja. Ngati chakupezani pabedi m'nyumba yolimba, gonani chafufumimba, mutu ndi khosi muphimbe ndi pilo.

Pano pafunika kunena moona, chifukwa lamuloli linapangidwira nyumba zomangidwa ndi zitsulo ndi simenti, zimene zimagwedezeka koma osagwa. Nyumba zathu zambiri si zotero. Ndi za zidina, za mdindo, kapena za njerwa zowotcha zomangira matope. Khoma lotere likagwedezeka njerwa zimasiyana n'kukhuthuka. Ndiye ine ndikuti: ngati muli m'nyumba yotere, ya pansi, chitseko chili pafupi masitepe awiri kapena atatu, n'chosakhoma, ndipo panja pali bwalo loyera, tulukani msanga mutaphimba mutu, ndipo musaime mpaka mutatalikira khoma. Koma ngati muli m'chipinda cha m'kati, kuli mdima, chitseko n'chokhoma, musalimbane ndi loko khoma likugwedezeka pamwamba panu. Bisalani pansi pa chinthu cholimba, mutuluke chikangoleka. Chisankho chimenechi chipangeni lero, chipinda ndi chipinda, osati usiku wa tsikulo.

Malo awiri amanyenga anthu. Oyamba ndi pakhomo penipeni, pa felemu ya chitseko. Ena amati mpolimba, koma m'nyumba zathu pamwamba pa chitseko mpamene njerwa zimayamba kuthothoka. Achiwiri ndi pakhonde ndi m'mphepete mwa nyumba. Munthu amatuluka n'kuima pomwepo, kuyesa wapulumuka, pamene gebulo ndi nsanamira za khonde zimagwera kunja, pamalo omwewo.

Mayi amene muli ndi khanda, lifungatireni pachifuwa, muweramire pamwamba pake. Ngati lili kumsana, litembenuzireni kutsogolo. Agogo kapena wodwala amene sangathe kugwada akhale pomwe alipo, aweramitse mutu, auphimbe ndi pilo kapena bulangete lopinda.

Mukakhala m'nyumba ya nsanjika ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, musathamangire pa masitepe chikugwedeza, ndipo chikepe musachikhudze. Bisalani pansi pa desiki. Kutchalitchi, kumzikiti, m'kalasi kapena mu holo, kuthamangira chitseko chimodzi anthu mazana kumavulaza kuposa chivomerezicho. Mtsogoleri kapena mphunzitsi akweze mawu: "Aliyense pansi, phimbani mutu!" Chikaleka, atulutseni mzere ndi mzere kupita pabwalo la masewero, ndipo awerengeni.

Mukakhala panja, khalani panja pomwepo, mungochoka pafupi ndi makoma, mawaya ndi mitengo ya nthambi zouma. Woyendetsa galimoto, minibasi kapena njinga yamoto aime pambali pang'onopang'ono, osati pa mlatho, pansi pa mawaya, kapena m'munsi mwa phiri. Misewu yokwera mapiri ngati wa ku Chiweta, ndi midzi ya m'tsinde mwa Zomba ndi Mulanje, choopsa chake ndi miyala yogubuduka, makamaka dzinja nthaka itakhuta madzi. Amene muli m'mbali mwa nyanja, chokani pamchenga mukwere kumtunda.

Gawo lachinayi: mphindi zoyamba chikaleka

Valani nsapato, tengani tochi ndi chikwama chija, tulukani nonse. Mukafika pamalo okumanirana, itanani aliyense ndi dzina.

Musayatse machesi, kandulo kapena koloboyi m'nyumba. Palafini atha kukhala atatayika, silinda ya gasi itha kukhala ikutuluka mpweya. Ngati mbaula inali ndi moto, kapena nkhuni zinali pa mafuwa pafupi ndi denga laudzu, zimitsani msanga ngati mungathe kufikapo bwinobwino. Tsekani gasi pa silinda. Zimitsani magetsi pa swichi yaikulu ngati mwaona mawaya othothoka kapena mukumva fungo la kupserera. Waya wogwa pansi muuyese wamoyo nthawi zonse. Ikani munthu wamkulu aziletsa ana kuyandikira, ndipo dziwitsani a ESCOM.

Foni igwiritseni ntchito mosamala. Tumizani uthenga waufupi kwa achibale m'malo moimba, chifukwa uthenga umadutsa ngakhale netiweki itadzaza, ndipo batire limakhalitsa.

Kenako yang'anani kwa anzanu oyandikana nawo, kuyambira nyumba za okalamba okhala okha, olumala, ndi za ana amasiye. M'maola oyamba thandizo silichokera ku boma kapena ku mabungwe. Limachokera kwa inu nomwe.

Gawo lachisanu: wina akakwiririka kapena kuvulala

Apa changu chopanda nzeru chimapha. Anthu akamva kuti mwana ali pansi pa khoma, onse amakwera pa mulu wa njerwa ndi makasu. Kulemera kwawo kumapsinja amene ali pansiyo, ndipo khasu limatha kumutema.

Munthu mmodzi atsogolere. Auze onse akhale chete kwa kanthawi, aitane dzina la wosowayo, onse amvetsere. Mukadziwa mbali imene ali, chotsani njerwa ndi manja kuyambira pamwamba, mukupatsirana pa mzere kuti zikatayidwe kutali. Mtanda kapena phaso limene lachirikiza zinthu musalisolole musanaike china chogwiriziza. Mukamufika, yambani ndi nkhope: chotsani dothi m'kamwa ndi m'mphuno kuti apume. Musamukoke manja kapena miyendo thupi lina lidakali lopanikizika. Munthu wina aime patali kuyang'ana khoma lotsala, kuti likayamba kugwedezekanso akuwe onse athawe.

Bala lotuluka magazi ambiri lipsinjeni ndi nsalu yoyera, osaleka. Nsalu ikanyowa onjezani ina pamwamba, osachotsa yoyambayo. Musathire dothi, phulusa kapena mankhwala a zitsamba pa bala. Amene akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo, musamukhazike tsonga kapena kumukweza pa njinga. Mugonekeni pa chitseko kapena thabwa, mutu, khosi ndi msana zili mowongoka, anthu angapo anyamulire pamodzi. Munthu amene mwendo kapena mkono unapanikizika nthawi yaitali apite kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, chifukwa minofu yophwanyika imatulutsa zinthu zowononga impso, ndipo vutolo limaonekera pambuyo pake. Chimodzimodzi amene njerwa inamugunda m'mutu n'kuyamba kusanza kapena kuwodzera.

Ngati mwakwiririka ndinu, phimbani mphuno ndi pakamwa ndi malaya. Musadzitopetse ndi kukuwa kosalekeza, fumbi lingakutsamwitseni. Gogodani lata, paipi kapena thabwa katatu katatu, mupume, mubwereze. Kuwani pamene mwamva anthu pafupi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: musathamangire kubwerera m'nyumba

Ili ndiye gawo limene ndikufuna mulisunge kwambiri. Chivomerezi chimabwera ndi zinzake zotsatira, kwa masiku, masabata, ngakhale miyezi. Zambiri zimakhala zazing'ono, koma khoma limene lang'aluka kale silifuna chachikulu kuti ligwe. Ndipo monga tinaonera ku Karonga, nthawi zina chotsatiracho chimaposa choyamba.

Yenderani nyumba masana, kuyambira kunja. Timing'alu topyapyala ta pa pulasitala pokha sitiopsa kwenikweni. Zoopsa ndi izi: mng'alu woonekera mbali zonse ziwiri za khoma, woti kuwala kukudutsa kapena chala chikulowa, ming'alu yopingasana kuchokera m'makona a mawindo ndi zitseko, makoma awiri amene asiyana pa ngodya, khoma lopendekeka kapena lotupa pakati, gebulo limene lasiyana ndi denga, chitseko chimene dzulo chimatsekeka lero chikukana. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, musagonemo. Lembani ndi khala pamene mng'alu wathera, mudzaonenso mawa. Ngati wapitirira pa chizindikirocho, khomalo likuyendabe.

Ndikudziwa kuti kugona panja si nkhani yophweka. Ku Karonga kunali dzinja, mvula ikugwa, udzudzu uli ponseponse, ndipo katundu ali m'nyumba yosatsekeka. Mayesero obwerera m'nyumba amakula usiku wachitatu, mvula ikayamba ndipo ana akulira. Limbani mtima. Mangani msasa wa mitengo, udzu ndi pepala la pulasitiki kapena tenti, kutali ndi makoma, pamalo osadikha madzi. Chinthu chopepuka chikagwa sichipha. Mangani neti mu msasamo usiku woyamba womwe. Mbaula ya makala isalowe mu tenti yotseka, mpweya wake umapha anthu ali m'tulo. Amuna a m'mudzi agawane maola olondera katundu, ndipo atsikana ndi amayi akhale ndi pogona pawo ndi njira yowala yopitira kuchimbudzi. Ngati n'kofunika kutulutsa chimanga kapena zofunda m'nyumba yong'aluka, alowe munthu mmodzi wamkulu, masana, mwachangu, wina akuyang'anira panja. Ana asatumidwe.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: madzi ndi chimbudzi

Chivomerezi chimagumula zimbudzi zokumba ndi kuphwanya mapaipi, ndipo zonyansa zimatha kulowa m'zitsime. Madzi a pa mjigo akasintha mtundu kapena fungo, musawakhulupirire. Wiritsani madzi akumwa mpaka abwadamuke, kapena thiranimo kolorini motsata malangizo a pa botolo kapena a alangizi a zaumoyo. Chimbudzi chiyang'aneni musanalowe: silabu ikang'aluka kapena dothi la m'mbali likatitimira, chitsekeni ndi minga, mukumbe china chongoyembekezera kutali ndi chitsime. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Anthu akaunjikana pamalo amodzi nthawi ya mvula popanda sopo, matendawa sachedwa.

Gawo lachisanu ndi chitatu: kanenani, ndipo samalani ndi mphekesera

Dziwitsani amfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Iwo amapititsa uthenga ku khonsolo ya boma, ndipo kuchokera kumeneko umafika ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zotere, ndi mabungwe ngati Malawi Red Cross Society. Jambulani nyumba yanu ndi foni musanayambe kuchotsa njerwa, ndipo onetsetsani kuti mayina a okalamba ndi odwala alembedwa, chifukwa iwo sangathe kukankhana pa mzere.

Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti "china chachikulu chibwera mawa 2 koloko usiku" ndi bodza. Palibe katswiri padziko lonse amene angathe kunena tsiku ndi ola la chivomerezi. A nthambi ya Geological Survey ku Zomba amayeza chimene chachitika kale, mphamvu yake ndi pomwe chachokera, ndipo angachenjeze kuti zotsatira zibwera, koma ola sanganene. Ndipo chonde, pasapezeke wina woloza chala gogo wa m'mudzi kuti ndiye wagwetsa nyumba. Miyala ya pansi pa nthaka, makilomita ambiri kuya kwake, ndi imene yatsetsereka pa mng'alu. Tataya kale okalamba ambiri osalakwa chifukwa cha kuwanamizira ufiti.

Ana amatha kuyamba kukodza pogona, kudzidzimuka lole ikadutsa, kapena kukana kulowa m'kalasi. Musawakalipire. Afotokozereni chimene chinachitika m'mawu osavuta, ndipo apatseni kantchito, monga kusunga tochi.

Gawo lomaliza: pomanganso

Anthu ambiri amatola njerwa zomwe zija n'kumanga monga kale, chifukwa ndalama palibe ndipo mvula sikudikira. Koma pali zinthu zingapo zimene zimasintha kwambiri kulimba kwa nyumba, ndipo boma linaziika m'malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba amene linatulutsa pambuyo pa chivomerezi cha ku Karonga. Kafunseni ku ofesi ya khonsolo, ndipo mmisiri wanu akhale woti amawadziwa.

Chachikulu ndi bimu yozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo ndi zitseko, ya simenti ndi zitsulo, yosadukiza pena paliponse. Ndiyo imamanga makoma anayi kuti agwedezeke pamodzi m'malo mosiyana pa ngodya. Ngati simenti yachepa, ndi bwino kuchedwetsa pulasitala ndi penti kusiyana ndi kudumpha bimu. Njerwa za pa ngodya zilumane bwino mzere uliwonse, ndipo khoma la m'kati lilumikizidwe ndi la kunja pomanga pomwe, osati kungoligunditsa pambuyo pake. Ikani waya wolimbitsa khoma pakapita mizere ingapo ya njerwa. Mawindo asakule kwambiri ndipo asayandikire ngodya. Khoma lalitali lopanda chipinda cholidula, monga la tchalitchi, kalasi kapena mpanda, likhale ndi nsanamira. Denga la mbali zinayi ndi labwino kuposa la gebulo, koma ngati mwasankha gebulo, kumtunda kwake tsekani ndi matabwa, malata kapena bango m'malo mwa njerwa. Phaso limangiriridwe ku bimu ndi waya kapena zitsulo, osati kupsinja malata ndi miyala, imene idzagwere anthu omwe akuthawa.

Malo nawonso asankheni. Mchenga wonyowa wa m'mbali mwa nyanja, dambo ndi dothi lothira zimagwedezeka kwambiri kuposa nthaka yolimba, ndipo ku Karonga malo ena otere anang'ambika n'kutulutsa mchenga ndi madzi. Ngati muli pa lendi ndipo simungasinthe khoma, muonetseni mwini nyumba ming'alu imene mwaiona, ndipo inu sunthani bedi la ana usiku uno.